Chikuse, mfumu ya Angoni ku Domwe: mbiri yake ndi zimene akuluakulu amasimba

Chikuse anali Inkosi ya Makosi ya Angoni a kwa Maseko kuyambira cha mu 1878 mpaka imfa yake mu 1891. Likulu lake linali kufupi ndi phiri la Domwe, m'boma lino la Angónia, ndipo mawu ake ankamveka mpaka ku Dedza ndi ku Ntcheu. Iye ndiye mfumu yomaliza kulamulira mapiri ano malire a Mozambiki ndi Malawi asanawadule pakati. Dzina lakuti Angónia linachokera kwa anthu akewo, Angoni.

Kumene anachokera

Angoni a kwa Maseko anachoka kum'mwera kwa Africa pothawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka, mfumu ya Azulu. Anawoloka Zambezi nadzakhala kanthawi kuno ku Domwe. Kenaka mfumu yawo Mputa, bambo wake wa Chikuse, inawatsogolera kuwoloka Shire, kudzera kum'mawa kwa nyanja, mpaka ku Songea, kum'mwera kwa dziko lomwe lero ndi Tanzania. Kumeneko anakangana ndi Angoni anzawo a gulu lina, ndipo Mputa anafera komweko.

Chikuse anali akadali mwana. Choncho Chidyaonga, m'bale wake wa Mputa, anagwirizira mpando nabweza mtundu wonse ku Domwe cha mu 1870. Chidyaonga atamwalira, ufumu unabwerera kwa mwana wa Mputa. Mayi wa Chikuse, Namlangeni, anali ndi mawu amphamvu pa milandu ya ufumu.

Ufumu wake

Mphamvu za Chikuse zinagona pa ng'ombe ndi pa ankhondo. Anyamata ankaikidwa m'magulu a nkhondo potsata msinkhu, ndipo nyengo ya chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ankatumidwa kukalanda ng'ombe, chakudya ndi anthu. Midzi ya Achewa imene inagonja inkapereka chimanga ndi ana aamuna olowa usilikali. Ena anathawira pamwamba pa mapiri ndi m'malinga. Mu 1884 ankhondo ake anawoloka Shire nafika kufupi ndi Blantyre, ndipo anthu ambiri anakabisala ku mishoni.

Ogwidwa pankhondo sankakhala alendo mpaka kale. Ankalowa m'mabanja a Angoni, ndipo ana obadwa kwa amayi a Chichewa ankayankhula chiyankhulo cha amayi awo. Umu ndi mmene Chingoni chinazilalira kuno: ogonjetsa anatenga chiyankhulo cha ogonja. Chimene chinatsala ndi ziwongo monga Maseko ndi Ngozo, malowolo a ng'ombe, gule wa ngoma ndi mawu akuti Bayethe polonjera mfumu.

Azungu angapo anafika kwa Chikuse. Montagu Kerr wa ku Scotland anadutsa mu 1884 akuchokera ku Tete, nalemba za ulendowo m'buku lake The Far Interior. Kazembe wa Britain, Hawes, anamuyendera mu 1886 pofuna kuti nkhondo zopita kutsidya la Shire zithe. Amishoni analemba kuti mfumuyi inkamwetsa anthu mwavi pofufuza afiti ndi oukira, ndipo ambiri ankafa nawo.

Zimene akuluakulu amasimba

Zambiri za mafumu a Maseko sizili m'mabuku a alendowo. Zinasungidwa pakamwa, m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina otamanda mafumu. Dzina la Chidyaonga, mwachitsanzo, anthu amalimasulira kuti munthu wodya onga, ndiye kuti wosaopa mfuti.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya maliro. Akuluakulu amati mfumu ya Maseko sinkaikidwa m'manda ngati munthu wamba. Ankatseka mtsinje, n'kuwunjika nkhuni pamene madzi aphwa, n'kuwotcha mtembo. Moto ukazima ankatsegula madzi kuti akokolole phulusa, mdani asapeze kanthu kopangira mankhwala oononga ufumu. Amati Mputa anawotchedwa chotero, ndi Chikusenso. N'chifukwa chake ofuna kulemekeza mafumuwa amaloza mtsinje, osati chiliza.

Mbiri ya Chikuse imasimbidwanso mosiyana kutengera mudzi. Kwa Angoni ndi mfumu imene inasunga mtundu ndi kuchulukitsa ng'ombe. M'mabanja ena a Achewa amakumbukira agogo amene anagona m'mapanga kapena kutengedwa ali ana. Zonse ziwiri zinachitika, ndipo anthu ambiri a ku Angónia lero ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Imfa yake ndi malire

Chaka cha 1891 chinasintha zinthu kawiri. Pa 11 Juni, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino, ndipo malire anatsata mtunda wogawa madzi: mitsinje yolowera ku nyanja ndi ku Shire inapita kwa Angerezi, yolowera ku Zambezi inatsala kwa Apwitikizi. Domwe anagwera mbali ino, pamene Dedza ndi Ntcheu anagwera mbali inayo. Angoni sanafunsidwe. Chaka chomwecho Chikuse anamwalira.

Mpando unapita kwa mwana wake Gomani. Koma a nyumba ya Chidyaonga anali atayamba kale kudziimira paokha pansi pa mwana wake Chifisi, ndipo panabuka nkhondo pakati pa Gomani ndi Kachindamoto, mwana wa Chifisi. Kachindamoto anatsikira kunyanja, ku Mtakataka, kumene ufumu wake ulipo mpaka lero. Nkhondo ya pachibaleyi inafooketsa Angoni pa nthawi imene azungu ankafuna msonkho ndi antchito.

Gomani anakana kugonjera Angerezi. Asilikali awo anamugwira namupha pa 27 Okutobala 1896 m'dera la Ntcheu. Anthu amasimba kuti ali pa njira anakhala pansi nakana kuyendetsedwa ngati kapolo, ndipo anamuwombera pomwepo. Iye sanawotchedwe monga makolo ake: anaikidwa m'manda, ndipo pamalopo pali chipilala cha chikumbutso. Mbali ino Apwitikizi nawonso anakhazikitsa ulamuliro wawo m'zaka zotsatira.

Ufumu wa Chikuse lero

Kuchokera apo banja la Maseko lili ndi mipando iwiri: Gomani ku Ntcheu, ndi Zintambira kuno ku Angónia. Chaka ndi chaka Angoni a mayiko awiriwa amakumana pa mwambo wa Umhlangano ku Ntcheu.

Msewu waukulu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'mphepete mwa malire a 1891 aja. Mlimi wa ku Dómuè kapena ku Tsangano akasenza mbatata ya kachewere ndi nyemba kupita pa msika wa Lizulu, kapena akadutsa pa Calómuè kukalira maliro a m'bale wake ku Dedza, mapepala amati wapita kudziko lina. M'masiku a Chikuse ulendo womwewo unali wa m'dziko limodzi, pansi pa mfumu imodzi.