KUKONZERA KHANDA MALO: KUYAMBIRA KWA AGOGO KUFIKA LERO

Pa chaka chino chokumbukira Umanyano wathu, takhala tikukambirana zinthu zimene zasintha m'mabanja mwathu kuno ku Karonga. Chimodzi mwa izo ndi kakonzedwe ka malo a mwana wakhanda. Masiku ano ana athu akakhala ndi pakati amaona pa foni zithunzi za zipinda za makanda za kunja, zopaka utoto, zokhala ndi kabedi kogula, makatani ndi zidole. Ena mtima umaŵaŵa, ena amafika potenga katapila kuti afanane ndi anzao, mwana nkubadwira m'ngongole. Nchifukwa chake taganiza zolemba mbiri ya nkhaniyi, kuti tonse tione zimene khanda limafunadi, ndiponso mmene amai a kuno akhala akuzipezera ndi ndalama zochepa, nthaŵi zina popanda ndi tambala yomwe.

NTHAŴI YA MAKOLO

Makolo athu Angonde, pansi pa ufumu wa Kyungu, ankakhala m'midzi ya nthochi ndi ng'ombe. Nyumba zao ankamanga ndi nsungwi, kumata ndi dothi ndi kufolera ndi udzu. Azungu oyamba kufika kumpoto kwa nyanja, monga Joseph Thomson mu 1879, adalemba modabwa za ukhondo wa midzi ya dera lino ndi mabwalo ake osesedwa bwino.

Chipinda cha mwana payekha kudalibe. Mwana akabadwa ankabindikira m'nyumba pamodzi ndi mai wake, kumene pa Chicheŵa timati kukhala m'chikuta, mpaka mchombo utagwa. Oloŵamo adali azamba ndi amai achikulire. Bedi lake lidali mphasa kapena mkeka pafupi ndi moto, chofunda chake chidali thupi la mai wake. Nsalu idali chiwondo, khungwa la mtengo lomenyedwa mpaka kufeŵa. Mbereko idali chikopa chofufutidwa bwino, ndipo mafuta odzoza mwana adali a nsatsi. Zonsezi zinkachokera kumunda, kukhola ndi kutchire.

Pamene nkhondo ya Mlozi idabuka mu 1887, Angonde ambiri adathaŵira m'mabango a ku Kambwe, ndipo ochuluka adaphedwa komweko. Nkhondoyo idatha mu 1895. Mai wothaŵa sakadatha kusenza katundu. Pa zaka zimenezo nyumba ya khanda idali mbereko basi.

Koma tisaiŵale kuti ana ambiri sankakula. Mchombo ankadula ndi kachibango kapena kansungwi, ena nkuthirapo phulusa kapena dothi, ndipo kafumbata ankatenga makanda asanathe masabata aŵiri. Utsi wa m'nyumba unkathamangitsa udzudzu pang'ono, koma unkaononga chifuwa cha mwana. Padalinso chikhulupiriro chakuti kukonza zinthu za mwana asanabadwe nkuputa tsoka, motero mai ankafika pa tsiku lake ali chimanjamanja.

SITOLO, MISHONI NDI MATCHONA

Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene tinkaitcha Mandala, idatsegula malo ake a malonda ku Karonga. Pang'onopang'ono nsalu ya m'sitolo idayamba kuloŵa m'malo mwa chiwondo ndi chikopa. Mu 1894 Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa phiri la Khondowe, ndipo mu 1911 chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa kumeneko. Atsikana ophunzira pa mishoni ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita. Atabwerera kumidzi nakwatiwa, adaphunzitsa anzao kusoka timalaya ta ana ndi singano ya pamanja ndi kuchapa nsalu za khanda tsiku ndi tsiku.

Ndalama zinkabwera ndi amuna a kuulendo. M'zaka za m'ma 1930 ambiri a kuno adapita ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ena ku Copperbelt, enanso ku Johannesburg. Obwerako ankabwera ndi mabulangeti, masutikesi, ndipo amwai ankabwera ndi makina osokera a Singer. Sutikesiyo inkasanduka mosungira zovala za mwana. Koma ena adatchona osatumiza kanthu, ndipo akazi ao adalera ana okha. Amai ameneŵa ndiwo adatisiyira luso losataya kanthu. Thumba la nsalu la ufa ankalichapa mpaka kuyera nkudulamo mateŵera. Bulangeti lakutha ankadula pakati, mbali yolimba nkukhala chofunda cha khanda.

TITALANDIRA UFULU

Dziko la Malaŵi litalandira ufulu mu 1964, masikelo a ana adayamba kufika m'midzi, ndipo alangizi a zapakhomo ankayenda pa njinga kuphunzitsa amai kuluka, kusoka ndi kuphika phala la ana. Ifenso pa misonkhano yathu ya Umanyano tinkati tikatha mapemphero, wina atulutsa ulusi, wina singano, kuluka tizipewa, timasokosi ndi mashawelo. Juzi yakutha tinkaimasula ulusi wake nkulukanso kajuzi ka mwana.

Mu 1971 ndalama idasintha, paundi idachoka, kwacha ndi tambala zidaloŵa. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo boma lidaimitsa ulendo wa ku migodi. Mabanja amene ankadalira ndalama za ku Joni adasoŵa pogwira. Pamenepo mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe udagwira ntchito ndithu. Shawelo imodzi inkafunda ana a nyumba zitatu motsatizana. Mai akachira, anzake ankabwera ndi nkhuni, madzi, mpunga, nthochi ndi kasopo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 katemera wa ana adafalikira dziko lonse, ndipo amai oyembekezera adayamba kubayidwa katemera wa kafumbata. Zimenezi zidapulumutsa ana ambiri, ndipo zidali zaulere.

ZAKA ZA POSACHEDWA

Kuyambira m'ma 1990 kaunjika adachuluka m'misika, ndipo amalonda athu adayamba kuoloka Songwe kukapikula zitenje ndi mabeseni ku Kyela. Zovala za ana zidatsika mtengo, koma kuluka kudayamba kuiŵalika.

Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa amai kumudzi. Tsopano mai amachirira kuchipatala, kaya ku Karonga boma, ku Chilumba, ku Kaporo kapena pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwao, ndipo wa kutali amapita msanga kukadikirira komweko. Kusikelo amauzidwa zoti akonze: zitenje zochapa bwino, beseni, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo ndi pepala lalikulu la pulasitiki. Apa mpamene chikhulupiriro chakale chosakonzera mwana chidagonja, pakuti zinthu zimenezi sizipezeka tsiku limodzi.

Kuno kunyanja, kotentha ndiponso kwa madambo a mpunga, mdani wamkulu wa khanda ndi udzudzu. Amai oyembekezera amalandira masikito aulere kusikelo, ndipo mu 2012 boma lidagaŵa masikito m'dziko lonse. Chomvetsa chisoni nchakuti masikito ena amathera kunyanja kukokera usipa, ena kutchingira dimba, mwana nkumagona poyera.

Mu December 2009 zivomezi zidagwedeza boma lathu masiku ambiri, nyumba zochuluka zidagwa, zina zidang'aluka, ndipo mabanja adagona panja nthaŵi ya mvula. Mitsinje ya Songwe, Lufilya ndi North Rukuru nayonso imasefukira kaŵirikaŵiri. Kuyambira pamenepo tidadziŵa kuti khanda siligonekedwa m'munsi mwa khoma long'aluka kapena pansi pa katundu wopachika, ndipo zovala zake ndi kabuku ka kusikelo zimasungidwa pamalo okwera, m'ndowa yovundikira.

NGAKHALE KUNJA ADAPHUNZIRA ZOMWEZI

Tisaganize kuti kwa anzathu nkhani ndi ya ndalama zokha. Ku Finland, kuyambira mu 1938, boma lidayamba kupatsa amai osauka katoni ya zovala za khanda, ndipo mu 1949 lidayamba kupatsa amai onse. Katoniyo ili ndi kamatiresi pansi, ndipo ana ambiri a kumeneko bedi lao loyamba ndi lomwelo. Ku Bogota m'dziko la Colombia, mu 1978, Dr Edgar Rey ataona kuti makina ofunditsira ana obadwa masiku osakwana ndi ochepa, adayamba kuŵaika anawo pachifuwa pa amai ao, khungu kukhudza khungu. Njirayi, yotchedwa kangaru, idayamba kuno ku Malaŵi pa chipatala cha Zomba mu 1999, ndipo lero yafika m'zipatala za m'maboma. Chofunika ndi chitenje, kachipewa ndi mai wake. Agogo athu akadaona akadati iyi ndi mbereko yomwe ija, angoitembenuzira kutsogolo. Ife a mpingo tidziŵanso kumene adagonekedwa Mose ali khanda, ndi kumene adagonekedwa Ambuye athu ku Betelehemu.

TITENGEPO CHIYANI?

Mbiri yonseyi ikutiwonetsa kuti khanda limafuna kufunda, ukhondo, masikito ndi bere la mai wake. Amai anzathu, pokonzera mwana malo tiyambire pamenepa.

Sankhani mbali ya chipinda chanu chomwe, youma, yopita mphepo, kutali ndi mbaula ndi utsi. Zirani pansi, matani ming'alu, ndipo ngati mungathe pakani laimu. Mwana agone chagada pa malo olimba, opanda pilo ndi nsalu zambiri kumaso, m'kati mwa masikito usiku uliwonse. Kabedi kogula si lamulo. Dengu lalikulu lolimba loyalamo nsalu likwanira pa miyezi yoyamba, ndipo m'misiri wa pamudzi angathe kukhoma kabedi ka matabwa kamene kadzagonekenso ang'ono ake.

Mateŵera a nsalu amachapidwa nkugwiranso ntchito, pamene otaya amadya ndalama tsiku lililonse ndi kudetsa midzi ndi nyanja yathu. Yanikani pa chingwe padzuŵa, osati pansi, ndipo sitani ndi simbi yotentha kuti mazira a mphutsi afe. Za pakaunjika chapani ndi kusita musanamveke mwana, ndipo musagule zambiri za msinkhu umodzi pakuti khanda silichedwa kukula. Pa mchombo musathirepo kanthu kena kupatula zimene anamwino akupatsani. Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha, ndiye botolo ndi mkaka wa m'chitini zisakudyereni ndalama pokhapokha achipatala atanena.

Yambani kusunga mimba ikadali yaing'ono, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwezi uno chitenje, mwezi wamaŵa beseni. Ndalama yoyamba kuika padera, kaya kunyumba kaya ku banki m'khonde, ikhale ya ulendo wa kuchipatala, chifukwa matenda akayamba usiku chofunika ndi galimoto kapena njinga yamoto. Azibambo, nkhaniyi ndi yanunso. Kumata khoma, kukhoma misomali ya masikito ndi kusunga ndalama ya ulendo ndi ntchito yanu.

Ndipo ife amai achikulire tisangoonerera. Tiyeni titulutsenso singano zathu, tiphunzitse atsikana kuluka ndi kusoka, ndipo pa mpingo uliwonse pakhale bokosi la zovala za makanda zochapa bwino, zobwereketsa kwa mai amene alibe. Tikamva kuti uje wachira, tipite ndi nkhuni, madzi ndi sopo monga ankachitira amai athu.