Kupweteka kwa miyendo ndi kugwedera kwa zala zakuphazi

Awa ndi matenda a mitsempha osawonekawoneka, amene dokotala wa ku Britain, John Spillane, ndi anzake anawafotokoza koyamba mu 1971 ataona odwala 6. Nthawi zambiri ululu ndi umene umayamba: phazi kapena katumba amawotcha ndi kuwawira mkati. Kenako zala zimayamba kusewera zokha. Zimapindika, kutambasuka ndi kutalikirana mwinizo akungoziyang'ana. Akalimbikira amatha kuziletsa kwa kanthawi, koma zimayambiranso. Kuyendayenda sikuchepetsa ululuwo.

Kawirikawiri gwero lake ndi mtsempha wopanikizika m'munsi mwa msana, kuvulala kwa mwendo, kapena kuwonongeka kwa mitsempha ya m'mapazi. Mwa ena choyambitsa sichipezeka n'komwe.

Mankhwala ochiziratu kulibe. Madokotala amayesa gabapentin, pregabalin kapena clonazepam, ndipo ena amathandizika pang'ono chabe.

Matendawa ndi osiyana ndi vuto la kukokana kwa minofu. Minofu ya katumba ikakokana usiku, wongolani bondo ndi kukokera zala kumsongolo mpaka mnofu ufewe. Kwinini, amene ambiri amamudziwa ngati mankhwala a malungo, kale ankaperekedwa pa vuto la kukokanali, koma bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti angawononge magazi ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima.