Kafir: Liwu Limene Linachokera Kumunda

M'Chiarabu mawu ambiri amaphuka pa zilembo zitatu. Muzu wa k-f-r umatanthauza kuphimba kapena kukwirira. Kale mlimi ankatchedwanso kafir, popeza amakwirira mbewu m'nthaka. Ngakhale usiku ankautcha choncho chifukwa umaphimba zinthu ndi mdima. Kenako tanthauzo linalowa mumtima: kafir ndi munthu wokwirira zabwino zimene wachitiridwa, wosayamika, ndipo pamapeto pake wokana chikhulupiriro. Azungu atalitola kwa amalonda a m'mbali mwa nyanja analisandutsa chipongwe chonyozera anthu akuda, ndipo agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela analimva lowawa m'migodi.

Pa muzu womwewo pamatuluka takfir, kugamula kuti mnzako ndi kafir. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kukwirira choonadi kumachitika mumtima mwa mwiniwake, ndipo mumtima simulowa diso la munthu. Takfir imatuluka pakamwa pa wina. Gulu la ISIS linamanga makanema ake pa chigamulo chimenechi.

Mu February 2015 linaulutsa kanema wa Muath al-Kasasbeh, woyendetsa ndege yankhondo wa ku Jordan. Munthuyu anali Msilamu, choncho kuti amuphe anayamba amuvula Chisilamu chake ndi liwu. Anamutcha murtad, lochokera ku r-d-d, kubwerera m'mbuyo: wotembenukira chipembedzo msana. Anamuveka zovala za mtundu wa olenji, zokumbutsa akaidi a ku Guantanamo, kuti woonera amve ngati akubwezera chabe. Anayamba aonetsa nyumba zogumulidwa ndi mabomba, kenako n'kumutentha ali m'khola lazitsulo. Mwezi womwewo gululi linaulutsanso kanema wa Akhristu 21, ambiri a ku Egypt, akuphedwa m'mphepete mwa nyanja ku Libya atavekedwa zovala za mtundu womwewo.

Chimandipweteka n'chakuti m'makanema otere liwu limagwira ntchito mpeni usanafike. Wachinyamata woonera pafoni saonanso mwana wa munthu amene ali ndi mayi ake. Amaona dzina limene amupachika.

Akuluakulu a Chisilamu anaiona ngoziyi kale. Mu July 2005 akatswiri achipembedzo pafupifupi 200 ochokera m'mayiko 50 anakumana ku Amman n'kugwirizana kuti n'koletsedwa kutcha kafir Msilamu wotsata masukulu odziwika a chipembedzocho, kaya ndi Msunni kapena Mshia. ISIS sinalabadire mgwirizanowu, ndipo ambiri mwa anthu amene inapha ku Iraq ndi Syria anali Asilamu.