Za Zipangizo Zodulira Galasi

Ife amene tinazolowera nkhwangwa ndi mpeni tiyesa kuti galasi lidulidwa monga thabwa. Iai, si tero. Galasi lingosweka, ndipo luso lonse la mmisiri ndilo kulilozera poswekera pace.

Kale ku Ulaya, muja analikumanga akacisi akuru a mazenera a mawangamawanga, monga wa ku Chartres ndi wa ku Canterbury, amisiri anadula galasi ndi moto. Mmonke wina wochedwa Theophilus, amene analemba buku la nchito za manja pafupi ndi caka ca 1120, anafotokoza macitidwe ace. Mmisiri anaika citsulo pamoto kufikira citapsa psuu, nacikhudzitsa pagalasi. Pooneka kamng'alu, anakoka citsulo pang'onopang'ono, ndipo mng'aluwo unacilondola monga mbuzi ilondola mwini cingwe. Galasi likakanika, anapakapo malobvu ndi cala, nabwezapo citsulo. Komatu m'mphepete munatsala mokhakhala, ndipo anabenthulamo ndi kacitsulo ka mpata, monga mbewa ibenthula cinangwa. Tikakumbukira kuti zenera limodzi liri nazo zidutswa mazanamazana, tizizwa nako kupirira kwa anthu aja.

M'zaka za m'ma 1500 amisiri anayamba kulemba mzere pagalasi ndi daimondi, mwala wouma koposa miyala yonse, nathyola galasilo potsata mzere. Koma si daimondi yense adula. M'caka ca 1816 William Wollaston wa ku Mangalande anasonyeza cifukwa cace: cibenthu cakuthwa cingokanda pamwamba, koma mwala wosasemedwa, wa msonga yoviringa mwa cibadwidwe, ukanikiza galasi nutsegula mng'alu wolowa m'kati. Tsono daimondi wodulira anali cuma ca mmisiri, cosabwereketsa ngakhale kwa mbale wace, pakuti dzanja lina liugwira mwa kupendeka kwina niliononga msonga.

Amene anapeputsa nchitoyi ndiye Samuel Monce wa ku Bristol, m'dera la Connecticut ku Amereka. M'caka ca 1869 analandira kalata wa boma wobvomereza cipangizo cace: kagudumu kakang'ono ka citsulo colimba, kozungulira pa nsonga ya cogwirira. Ife tiyesa ici cacikuru koposa daimondi, pakuti munthu wosauka anakhoza kucigula. Mazenera a m'masukulu mwathu adulidwa ndi zidzukulu za kagudumu kameneka.

Lamulo lace ndi limodzi: kagudumu kapite pamzere kamodzi kokha. Tinaona mnyamata wina wa pa sukulu, pofuna kucita bwino, anabwerezapo katatu. Galasi linasweka mokhota, kagudumu kanabuntha, ndipo zenera lija tinalitseka ndi mphasa dzinja lonse.