Chiyankhulo cha Wogonjetsa: Anormani ku England ndi Angoni pakati pa Acheŵa

Dera lino la Pretoria, kumene tasonkhana, ndi lomwe Mzilikazi anakhazikako Amandebele ake cha m'ma 1827, mzinda uno usanamangidwe. Anthu akewo atapitirira ulendo wa kumpoto anasunga chiyankhulo chawo, ndipo chikuyankhulidwabe ku Bulawayo. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi pa 20 Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuŵa, sanachisunge chawo. Nchifukwa ninji mkondo umodzi upambana nufalitsa chiyankhulo, pamene wina upambana koma mwini wake nasiya kuyankhula za makolo ake? Pofuna kuunika funsoli tabwereka mbiri ya England, popeza kumeneko zinthu zonse ziŵiri zinachitika, ndipo zinalembedwa.

M'zaka za m'ma 400 mitundu ya Angle, Saxon ndi Jute inawoloka nyanja nikhala m'dziko la Abritoni. Ambiri anadza ndi mabanja awo, nalima, nabereka ana. Chiyankhulo cha eni nthaka chinakankhidwira kumadzulo, ku Wales ndi ku Cornwall, ndipo m'Chingerezi chakale munatsala mawu ochepa chabe a Chibritoni. Bede anamaliza kulemba mbiri ya mpingo wa anthuŵa mu 731, koma m'Chilatini. Amene anakweza chiyankhulo cha anthu wamba ndi Mfumu Alfred, yolamula kuyambira 871 mpaka 899. Iyo inatembenuzitsa mabuku a Chilatini, ndipo m'nthaŵi yake munayamba kaundula wa zochitika chaka ndi chaka, wotchedwa Anglo-Saxon Chronicle. Ndakatulo yaitali ya Beowulf inatifika m'buku limodzi lokha lolembedwa pamanja, lomwenso linaŵauka m'mphepete ndi moto mu 1731.

Pa 14 Okutobala 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Harold ku Hastings. Tisaiŵale kuti Anormaniwo anali zidzukulu za ankhondo a kumpoto amene anapatsidwa malo ku France mu 911, nataya chiyankhulo chawo natenga Chifalansa. Pofika 1086, pamene kaundula wa malo wotchedwa Domesday Book analembedwa, pafupifupi minda yonse ikuluikulu inali m'manja mwa alendo. Kunyumba ya mfumu kunkamveka Chifalansa, m'makalata a boma Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsala kumudzi ndi kudambwe la abusa a ziŵeto. Mpaka lero Mngerezi amatcha nyama yamoyo cow, sheep, swine, maina a woŵeta, koma ikafika pambale ndi beef, mutton, pork, maina a wakudya.

Komabe alendowo anali ochepa. Ambiri anakwatira akazi a m'dzikomo, ndipo ana awo analeredwa ndi anamwino oyankhula Chingerezi. Amonke a ku Peterborough anapitiriza kulemba kaundula uja mpaka 1154, ndipo woŵerenga masamba omalizawo amaona ndi maso m'mene chiyankhulo chinali kusinthira, mathero a mawu akuthothoka ngati masamba m'chilimwe. Normandy inachoka m'manja mwa Mfumu John mu 1204. Mu 1362 lamulo linakhazikitsidwa lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, ngakhale kuti lamulolo analilemba m'Chifalansa!

Kwathu zinayenda chimodzimodzi, koma mofulumira. Angoni anachulukana poloŵetsa m'gulu lawo anthu ogwidwa m'njira, Asenga, Acheŵa, Antumba, Atumbuka. Mwana wa nduna ankaphunzira kugwira chishango kwa atate ake, koma mawu oyamba ankawamva pamsana pa amake. Pamene Atsamunda anapha Inkosi Gomani mu 1896 ndi kugonjetsa Mpezeni mu 1898, Chingoni chinali chitayamba kale kufooka m'makomo. Nkhondo zitaletsedwa, magulu a achinyamata amene ankachisunga anabalalika. Lero Amaseko a ku Ntcheu ndi Dedza amayankhula Chicheŵa, Angoni ambiri a ku Mzimba Chitumbuka, ndipo a ku Chipata amayankhula zofanana ndi Chinsenga. Monga Chifalansa chinasiya m'Chingerezi mawu a ulamuliro, Chingoni chinatisiyira inkosi, nduna, impi ndi bayethe.

Tisafulumire kunena kuti ochepa amamezedwa nthaŵi zonse. Makololo a Sebetwane analamula Alozi zaka zosapitirira makumi atatu, nagwetsedwa mu 1864, koma Chilozi cha lero chinachokera m'chiyankhulo chawo. Ife tikuganiza kuti yankho lisamafunidwe kubwalo la nkhondo kokha ayi, koma kumtondo ndi kumphala, kumene ana amakulira.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mboni. Wofufuza wa ku England ali ndi zolembedwa za chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 250. Ife tili ndi galamala ya Chingoni imene W. A. Elmslie anasindikiza mu 1891, zolemba za Margaret Read amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndiponso nyimbo za ingoma ndi zitamando za mafumu, zimene zimamvekabe pa Nc'wala ku Chipata, mwambo umene unayambiranso mu 1980. Ambiri mwa oyimba nyimbozo amatchula bwino mawu amene tanthauzo lake sangathe kulimasulira.