Mbiri ya Tequila ndi Nkhondo Yoteteza Dzina Lake

Tequila ndi mowa waukali wa ku Mexico. Dzinali ndi la tauni ya Tequila, m'chigawo cha Jalisco, makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda wa Guadalajara. Mowawu umachokera ku chomera chotchedwa agave, cha masamba obiriwira motuwa, m'bale wake wa khonje, amenenso kwawo ndi ku Mexico komweko. Agave amatenga zaka 6 mpaka 8 kuti akhwime, ndipo amakololedwa kamodzi kokha. Mbiri ya tequila yagona pa kuchedwa kumeneku, pakuti nthawi zonse ogula akachuluka minda imalephera kuwakwanira, ndipo apa ndi pamene chinyengo chimalowera.

Anthu a ku Spain asanafike, eni dziko ankawotcha tsinde la agave m'maenje a miyala yamoto n'kumadya, popeza likapsa limatsekemera. Ankasasitsanso utomoni wa mitundu ina ya chomerachi kuti upange chakumwa chotchedwa pulque. Luso lotcheza mowa linafala m'nthawi ya atsamunda, kudzera mwa anthu a ku Spain komanso amalinyero a ku Philippines amene ankatcheza mowa wa migwalangwa ya kokonati m'mbali mwa nyanja ku Colima. Mowa wotcheza wa agave unayamba kutchedwa vino mezcal. Mafumu a ku Spain ankasinthasintha maganizo pa mowawu: nthawi zina ankaudula msonkho, nthawi zina ankauletsa pofuna kuteteza malonda a zakumwa zakwawo. Mfumu Carlos III inauletsa mu 1785, koma mu 1795 Carlos IV anapatsa José María Guadalupe de Cuervo chiphaso choupanga poyera.

Zaka za m'ma 1800 ndi zimene zinapatula tequila ku mezcal wina. Mu 1873 Cenobio Sauza anagula malo otchezera mowa amene anawatcha La Perseverancia, ndipo anayamba kutumiza mowa wake ku United States. Cha kumapeto kwa zaka zimenezo opanga mowa a ku Jalisco anasiya maenje n'kuyamba kuphika agave ndi nthunzi m'mauvuni a njerwa, motero fungo la utsi, lomwe mezcal wa ku Oaxaca akadali nalo, linatha. Ogula amene ankaitanitsa "mezcal wa ku Tequila" anafika pongotchula dzina la tauniyo. Mu 1902 katswiri wa zomera wa ku France, Frédéric Weber, anafotokoza mtundu wa agave umene alimi ankaukonda, ndipo mpaka lero umadziwika kuti Agave tequilana Weber.

Ntchito yakale inali ya manja ndi kudekha. Wokolola, amene amatchedwa jimador, amasadza masamba ndi coa, chitsulo chakuthwa chozungulira cha mpini wautali, mpaka kutsala tsinde lotchedwa piña, limene limatha kulemera makilogalamu oposa 40. Matsindewa ankaphikidwa pang'onopang'ono kwa tsiku lathunthu kapena masiku awiri, kenaka ankaphwanyidwa ndi tahona, chimwala chachikulu chozungulira chimene nyulu inkakoka. Madzi ake akasasa ankatchezedwa kawiri m'miphika yamkuwa. Mafakitale ochepa akutsatabe njira imeneyi, ndipo mowa wawo umamveka fungo la agave wophika, la dothi ndi la tsabola.

Nkhondo yachiweniweni ya ku Mexico imene inayamba mu 1910, ndi mafilimu a ku Mexico a zaka zotsatira, zinasandutsa tequila chizindikiro cha mtundu. Msika wakunja unakula pamene United States inaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, n'kukulanso pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Agave anachepa, ndipo opanga anayamba kuonjezera shuga wa nzimbe. Lamulo la 1949 linati tequila azichokera ku agave yekha, koma silinakhalitse: mu 1964 boma linalola kuti magawo 30 pa 100 alionse a shuga achokere kwina, ndipo mu 1970 linakweza malirewo kufika pa 49. Uku kunali kugonjera amalonda, ndipo mbiri yoipa ya tequila monga mowa wopweteka mutu inakula m'nyengo imeneyi.

Maiko ena anali atayambanso kugulitsa zakumwa zawo pa dzina la tequila. Mu 1974 boma la Mexico linalengeza kuti dzinali ndi la dera limodzi lokha. Lero deralo ndi chigawo chonse cha Jalisco pamodzi ndi maboma ena a Guanajuato, Michoacán, Nayarit ndi Tamaulipas. N'chifukwa chake mowa wa agave wotchezedwa ku Karoo, ku South Africa, sutchedwa tequila ngakhale utakoma bwanji. Mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la Consejo Regulador del Tequila, mwachidule CRT, loyendera minda ndi mafakitale, ndipo mu 2006 UNESCO inaika minda ya agave ndi mafakitale akale a ku Tequila pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Mbiri yonseyi imaoneka pa pepala lomata pabotolo. Tequila weniweni amakhala ndi mawu oti Hecho en México, zilembo za CRT, ndiponso zilembo za NOM zotsatidwa ndi manambala anayi. Nambalayi ndi ya kampani yopanga, ndipo imaulula chinthu chimene otsatsa malonda sakonda kunena: maina ambiri otchuka, a mitengo yosiyana kwambiri, amatuluka m'fakitale imodzi. Mawu ofunika koposa ndi "100% de agave". Botolo lopanda mawuwa ndi la mowa wosakaniza umene lamulo la 1970 linaloleza, womwe umaloledwanso kutumizidwa kunja m'matanki n'kukathiridwa m'mabotolo kumeneko, pamene wa agave yekha amayenera kutsekeredwa m'botolo m'dera lake. Ukali wa tequila aliyense umakhala pakati pa 35 ndi 55 peresenti. Mphutsi imene ena amaganiza kuti imakhala m'botolo la tequila si ya tequila. Imapezeka m'mabotolo ena a mezcal basi.

Pepalalo limanenanso nthawi imene mowa wagona mumgolo wa mtengo wa oak. Blanco sagona, kapena sapitirira miyezi iwiri. Reposado amagona miyezi iwiri kapena kuposerapo, añejo chaka chimodzi kapena kuposerapo m'migolo yosaposa malita 600, ndipo extra añejo, amene anavomerezedwa mu 2006, zaka zitatu kapena kuposerapo. Wotchedwa joven kapena oro nthawi zambiri amakhala mowa wosagona umene authira mtundu.

Komabe kukhala weniweni pamaso pa lamulo sikutanthauza kukhala wabwino. Lamulo limalola kuti m'tequila wa mitundu yonse kupatula blanco athiremo shuga wowotcha wopatsa mtundu, madzi a mtengo wa oak, glycerine kapena madzi a shuga, malinga zisapose gawo limodzi pa 100, ndipo izi sizilembedwa pabotolo. Mafakitale aakulu ena amagwiritsa ntchito makina otchedwa difusor, amene amakamula agave wosaphika, ngakhale wanthete, ndi madzi otentha. Mowa wotero umatuluka wopanda fungo lake, ndiye amaubwezera kukoma ndi zothirazo. Ukamwedwa umamveka ngati keke kapena vanila, ndipo umasiya kunanda m'kamwa. Pa chifukwa chimenechi odziwa tequila amayesa fakitale ndi blanco wake, popeza nthawi zambiri mtundu umenewu sugona mumgolo umene ungabise zolakwika, ndipo lamulo sililola kuthiramo zokometsera zinayi zija.