Ngamila zam'tchire za ku Australia

Ngamila si nyama ya ku Australia. Yoyamba inafika m'dzikolo mu 1840, ndipo pambuyo pake atsamunda a ku Britain anaitanitsa zina zambirimbiri kuchokera ku India ndi madera oyandikana nawo kuti zizisenza katundu m'chipululu. Magalimoto atachuluka cha m'ma 1920, eni ake anangozitayirira m'tchire. Poti kulibe chilombo chozigwira, zinaswana mpaka kufika mazana a zikwi.

Mavuto ake amaonekera kukagwa chilala. Mu 2009 ngamila pafupifupi 6,000 zinakhamukira m'mudzi wa Docker River ku Northern Territory chifukwa cha ludzu. Zinagwetsa mipanda, kuthyola mipopi ndi kuzula makina oziziritsa m'nyumba pofuna timadzi todontha. Zina zimafera pa zitsime zachilengedwe zimene Aaborijini amazilemekeza, madziwo n'kuwonongeka.

Kuyambira 2009 mpaka 2013 boma linathandiza ntchito yochepetsa nyamazi. Zoposa 160,000 zinaphedwa, zambiri mwa izo poziwombera ali m'helikoputa, ndipo zinatsala pafupifupi 300,000. Mu Januwale 2020, m'dera la APY ku South Australia, anaphanso zoposa 5,000.

Ena amadandaula kuti kumeneku n'kutaya ndiwo, ndipo mfundo yawo ndi yomveka, pakuti nyama ya ngamila ili ndi msika kunja. Koma kusonkhanitsa ngamila zolusa kutali ndi misewu n'kuzitengera kophera kumadya ndalama zambiri, choncho zogulitsidwa zimachepa poyerekeza ndi zobadwa chaka chilichonse.